Makauboyi a m'Shedi ya Thonje ndi Chipewa cha Limbani

Ndinayamba kudandaula za nkhani iyi Lolemba lotsatira Pasaka, chaka chino, pakhonde panga pompano pa Balaka. Ndinadandaula kwa mwini nkhani, mdzukulu wanga Limbani, iye atakhala pa njinga yake yamoto, phazi limodzi pansi. Anandiyankha kuti, "Tikambirana, agogo," n'kunyamuka, kundisiyira utsi. Sabata yomweyo ndinadandaula kwa amayi ake. Iwo analira, koma misozi si yankho. Kenako ndinalembera kalata tcheyamani wa akabaza a pa siteji yawo, nditaika kaboni pansi monga ndimachitira nthawi zonse, ndipo kope lake lili m'bokosi langa lachitsulo pamodzi ndi makadi anu a ubatizo ndi malisiti a malata a nyumba ino. Tcheyamaniyo anailandira ndi manja awiri, anaipinda mwaulemu, n'kuilonga m'thumba la jekete. Thonje lathyoledwa, layamba kugulitsidwa, ine ndikudikirabe.

Ndiye ndalemba izi kwa nonsenu, ana inu, poti ndikamayankhula pakamwa maso anu amakhala pa foni, mitu ikungogwedezeka ngati ya agulo. Tadala, iwe ndiwe wa mawu omveka, uwawerengere anzako Lamulungu mukachoka ku Misa, Limbani ali pomwepo. Usadumphe ndime. Ndimakudziwa, ngakhale kolona umaidula mchira.

Nkhani yake ndi iyi, kuti wina asadzanene kuti sanamve. Mbale wanu Limbani amanyamula anthu pa njinga yamoto kuchoka pa Balaka kupita kumidzi ya ku Kalembo. Panjira yafumbi imene amadulira pali khwawa lakuya, louma nyengo ino, lokhala ndi tchire mbali zonse. Achifwamba ayamba kumanga waya pamenepo m'mamawa, wopingasa njira. Anzake ena alandidwa kale njinga, mmodzi anatemedwa paphewa. Tsono anyamata a pa siteji apangana kuti Loweruka likudzali mmodzi apite yekha patsogolo ngati nyambo, enawo adikire pamsika wapafupi. Akangoona waya, aimbe foni, iwo athamangireko gulu, akagwire mbavazo. Amene wadzipereka kukhala nyambo ndi Limbani. Wagula chipewa chachikulu pa kaunjika, ndipo anzake akumutcha Sherifu.

Dzina limenelo analimva kwa ine, sindikukana. Tcheyamani uja nditakumana naye pamsika anandiuza akuseka kuti, "Madala, mwanayu mwamuphunzitsa nokha. Si inu a makauboyi?" Ndinapsa mtima mpaka ndinaiwala tomato wanga pabenchi. Inde, ndinkakufotokozerani za makauboyi muli ang'onoang'ono. Koma ndani mwa inu anakhalapo pansi mpaka nkhani kutha? Mfuti zikangosiya kulira, nonse munkabalalika, wina kumpira, wina kukawomberana ndi mapesi kuseri kwa khola. Lero mumva mpaka kumapeto.

Ine ndinabadwira ku Ngokwe, kumene kanema tinkangomumva mbiri. Ndinabwera ku Balaka nditayamba kale kumeta ndevu, kudzagwira ntchito ya ukalaliki pa sikelo ya thonje. Ulendo wake musaufanizire ndi wa masiku ano, wokwera minibasi n'kumadandaula kuti mpando ndi wouma. Tinayenda pansi mpaka kumsewu waukulu, katundu pamutu, kamba wathu ali mbatata zootcha ndi mtedza wokazinga m'kampango. Kenako lole ya chimanga inatinyamula pamwamba pa matumba, kuwoloka Shire, fumbi mpaka m'mano. Ndikuti "tina" chifukwa ndinali ndi mnzanga wa m'mudzi mwathu, Che Saidi, telala. Iye ananyamula mutu wa makina ake osokera ataukulunga m'bulangete, n'kuuika pamiyendo ulendo wonse ngati khanda. Tinachita lendi chipinda chimodzi kuseri kwa sitolo, iye Msilamu, ine Mkatolika. Sitinakanganepo za Mulungu. Tinkakangana za mbewa. Ndikabwera nazo kuchokera kumsika ankaima pakhomo n'kunena kuti, "Che Matiyasi, inu lowani, koma alendo anuwo atsale panja."

Kusoka ankakudziwa mnyamata ameneyo. Ankakhala pakhonde la sitolo, phazi pachopondera, choko kukhutu, ndipo ankangokuyang'ana kamodzi thalauza n'kukukwana. Suti imene ndinakwatira nayo agogo anu aakazi anasoka ndiye. Ikadalipo, njenjete zangolawako kolala.

Kanema ankabwera naye bambo wina amene tinkangomutchula kuti aJoni a kanema. Ankatsika sitima ndi mabokosi ake ndi kajenereta, n'kubwereka shedi ya thonje Loweruka masana, mabelo akachoka. Tinkatseka zitseko, n'kutsekera mipata yonse ndi masaka kuti mukhale mdima. Nsalu yoyera pakhoma, jenereta ikulira panja. Kutentha kwa Balaka mukukudziwa. Onjezerani malata pamwamba, anthu othithikana pansi, ndi tinthenga ta thonje touluka m'kuwala kwa makina ngati ngumbi. Munthu unkatuluka malaya atamatirira kumsana, tsitsi litayera ngati nkhalamba, koma Loweruka linalo unkabweranso. Pakhomo pankakhala atsikana ogulitsa zitumbuwa, malambe ndi thobwa la m'chikho, osati zakumwa zanu za m'mabotolo zosiya lilime lofiira. Mmodzi wa atsikanawo ndi agogo anu aakazi, Mulungu awasunge kumene ali. Matikiti a kanemayo ndinasunga, ali m'envulopu yakaki. Musaseke. Munthu wosasunga pepala, mawa amatsutsidwa ndi mwana.

Makanema ake anali opanda mitundu, zakuda ndi zoyera basi, ndipo nkhani inali imodzi yomweyo, mayina okha ndiwo ankasintha. Ngolo yokokedwa ndi mahatchi ikuyenda m'chipululu, itanyamula makalata, bokosi la chuma, ndi mayi mmodzi wa chipewa cha maluwa. Pamwamba pakhala woyendetsa wa ndevu, mkwapulo m'manja. Mwadzidzidzi achifwamba atulukira kuseri kwa thanthwe, mipango pamphuno, mfuti m'mwamba. Ndiye pali Sherifu, wapolisi wa kumeneko, nyenyezi yachitsulo pachifuwa, hatchi yoyera, chipewa chosagwa ngakhale amenyane ndi anthu chipinda chonse. Chingerezi chawo cha m'mphuno sitinkachimva, ngakhale ine amene ndinali ndi satifiketi. Koma zinalibe kanthu. Wabwino tinkamudziwa, woipa tinkamudziwa.

Inu mumaonera kanema aliyense payekha, tizingwe m'makutu, chete ngati muli pamaliro a munthu wachilendo. Ife sitinkaonera choncho. Ife tinkathandiza. Wachifwamba akamanyang'ama kumbuyo kwa Sherifu, shedi yonse inkaphulika. "Kumbuyo kwako! Kumbuyo kwako, achimwene!" Ena m'Chiyao, ena m'Chilomwe, amayi akuimirira ndi ana kumsana. Ndipo Sherifu ankacheukadi, n'kuwombera, wachifwamba n'kugwa. Anthu n'kuwomba m'manja, kudziwombera okha. Agogo anu aakazi ankasiya dengu la zitumbuwa pakhomo n'kulowa kudzafuula nawo, ndipo mawu awo ankamveka kuposa jenereta. Tsiku lina ndinawauza kuti, "Mayi, anthu ajatu sakumva." Iwo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti, "Nanga wacheuka bwanji?" Ndimo tinadziwirana. Mkulu wina wa ku Kalembo anachita kuposa pamenepo, anaponya chibonga pansalu kuti amuthandize Sherifu, nsaluyo n'kung'ambika. Anaisoka ndi Che Saidi, ndipo kuyambira tsiku limenelo aJoni ankamulowetsa telalayo ulere.

Panalinso china. Kanemayo ankakhala pa chingwe chokulungidwa pa magudumu angapo, ndipo makina anali amodzi. Gudumu likatha, nsalu inkayera mbee, aJoni n'kuyamba kuchotsa lina kuika lina. Ndipo sindikudziwa kuti zinkatheka bwanji, koma nthawi zambiri gudumu linkathera poipa penipeni: ngolo yazunguliridwa, woyendetsa wavulala, mayi wa chipewa cha maluwa akukuwa. Tinkakhala mumdima muja, thukuta kamukamu, mitima m'mwamba. Ena ankatukwana aJoni kuti afulumire. Koma tonse tinkadziwa chinthu chimodzi: makina akangoyambanso kulira, fumbi lioneka patali, Sherifu ndi anyamata ake akubwera. Sanachedwepo. Ngakhale tsiku limodzi sanachedwepo.

Ine, poti ndine munthu woyang'anitsitsa, ndinayamba kuona zinthu zosalongosoka. Thanthwe limene achifwamba ankabisalako linali lomwelo m'makanema onse, lokhala ndi mng'alu kumanzere. Ngolo inkalizungulira mbali yomweyo. Panali wachifwamba wina wa masharubu amene ndinamuona akuwomberedwa n'kugwa pa hatchi, Loweruka linalo n'kumuonanso ali moyo, wanenepa, n'kuwomberedwanso, n'kugwa kugwa komwe kuja, mwendo womwe uja m'mwamba. Mfuti yaing'ono ya m'chiuno inkalira osatha zipolopolo. Ndinaona kuti tikupusitsidwa, ndipo ndinapita kukadandaula kwa aJoni pamene ankapakira mabokosi.

"Bambo," ndinatero, "munthu uja anafa sabata yatha."

AJoni anaseka mpaka anakhala pansi pa bokosi. "Akalaliki, mwaphunzira koma simunachenjere. Awa ndi makanema otchipa. Kumene amawapangako sawononga ndalama. Kuthamanga kwa ngolo amajambula kamodzi, n'kumangodula kumata m'makanema ena. Mfutizo zilibe chipolopolo, ndi utsi chabe. Wachifwamba wanuyo akagwa amadzuka, kusasa fumbi, n'kukadya limodzi ndi Sherifu."

"Nanga kufika pa nthawi yake?"

"Analemberatu. Sherifu amakhala ataima kuseri kwa mtengo, akudikira kuti amukodole."

Ndinabwerera kuchipinda mtima utawawa, ngati munthu amene wapeza mwala m'thumba la thonje. Ndinamufotokozera Che Saidi zonse. Iye anali atagona chagada pamphasa, chipewa chake chachikulu pankhope. Chipewacho anasoka yekha ndi nsalu ya tenti, n'kuchilimbitsa ndi phala la chinangwa.

"Mwamva zimene ndanena?"

"Ndamva, Che Matiyasi. Inu vuto lanu mumaonera kanema ngati mukuyeza thonje."

"Ndi zabodza zonse."

"Iyayi. Mfuti ndi yabodza, mtima si wabodza. Mwamuna akaimirira, mbava zimachita mantha. Chimene chija n'choona."

Ndinamusiya. Ndinkati ndi zachinyamata, zidzatha. Tamvera bwino apa, Limbani, poti nawenso unandiuza mawu ofanana ndi amenewa.

Chaka chimenecho thonje litagulitsidwa, Che Saidi anaganiza zobwerera ku Ngokwe. Anali atapeza mbeta, ukwati unali pafupi, ndipo ankafuna kukatsegula pake posokera. Ndinamuperekeza kukakwera lole yonyamula katundu wa m'masitolo ndi anthu pamwamba. Makina onse, mutu ndi tebulo lake, tinawamanga ndi zingwe kumbuyo kwa woyendetsa. Anakwera, chipewa kumutu, n'kundigwedezera dzanja. Dzanja lamanja. Ine ndinabwerera ku sikelo.

Zimene zinachitika ndinazimva kwa iye mwini, ndipo ena amene anali m'lolemo anandiuza chimodzimodzi. Atawoloka Shire, atalowa m'nkhalango ya m'mapiri a Machinga, masana dzuwa likuswa mtengo, anapeza chipika chitapingasa msewu pamalo okwera, pamene lole imayenda ngati nkhono. Anatulukira amuna okhala ndi zikwanje. Panalibe mahatchi, panalibe mipango, panalibe nyimbo. Apaulendo a masiku amenewo ankadziwa mwambo wa pamsewu: ukhale pansi, maso pansi, usayang'ane munthu kumaso, upereke chimene akufuna, moyo upite nawo kwanu. Amayi ndi madoda onse anachita zomwezo. Che Saidi yekha anaimirira pamwamba pa matumba, chitsulo chopukusira injini m'manja, n'kuwakalipira amuna amene anali kutsogolo kwa lole. Ndipo akuti amunawo anaimadi, anayang'anana, wina anabwerera m'mbuyo. Pamenepo ananena zoona mnzanga, mbava zinachita mantha.

Koma wina anali atakwera chakumbuyo. Anthu onse m'lolemo anali ataweramitsa mitu. Ena anamumva akukwera, ena anaona mapazi ake akudutsa pafupi ndi mawondo awo. Chikwanje chinatera padzanja logwira chitsulo lija.

Achifwambawo anatenga timitolo ta anthu, nsalu zingapo, n'kulowa m'tchire. Makina osokera sanawakhudze n'komwe, anali olemera. Anakafika ku Ngokwe bwinobwino, opanda ngakhale kokalika.

Uthenga unandipeza patapita masiku. Ndinapempha tchuthi n'kupita kuchipatala kumene anamugoneka. Ndinamupeza atatsamira khoma, dzanja litakulungidwa mpaka m'chigongono, nkhope itaphwa. Ndinali nditakonza mawu ambiri panjira, ena omukalipira, koma nditamuona ndinangomuikira nthochi pambali. Kenako anati:

"Che Matiyasi, mukudziwa chimene chikundiwawa?"

Ndinati, "Dzanja."

"Dzanja likuwawa, inde. Koma m'lole muja munali anthu odzaza. Ena ndinkawaona m'shedi Loweruka lililonse, akufuula mpaka mawu kusasa. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anati kumbuyo kwako."

Sindinawaweruze anthu amenewo, ndipo inunso musawaweruze. Kufuulira nsalu n'kosavuta, nsalu siingakutembenukire. Pamsewu munthu amaganiza za ana ake. Mwina nanenso ndikanaweramitsa mutu. Thandizo linabwera, inde: lole ina imene inadutsa dzuwa litapendeka, mnzanga atataya magazi ochuluka, amayi ena atamumanga ndi chitenje.

Zala zitatu sizinagwirenso ntchito. Ukwati unachitika, mkazi wake anali munthu wolimba mtima, ndipo anakhala limodzi mpaka ukalamba, akulima chimanga ndi thonje monga anzawo. Koma telala uja anathera m'nkhalango muja. Ndikapita ku Ngokwe ndinkapeza makina ali pakona, atafundidwa nsalu, pamwamba ataikapo nyali. Anakana kuwagulitsa. Nthawi zina ankawavundukula, kuwathira mafuta ndi dzanja lamanzere, n'kuwafundikanso. Zigamba za malaya ake ankasoka ndi mkazi wake, pamanja, mizere yokhotakhota, ndipo iye ankangoyang'ana kumbali. Anamwalira zaka zapitazo. Pepala la pulogalamu kunalibe pamaliro ake, Asilamu sachedwa ndi zimenezo, ndiye chimene ndinasunga ndi kapepala kamene anandilembera miyeso ya suti yanga, ndi dzanja lija lisanaonongeke.

Kanema wa m'shedi anatha pang'onopang'ono. AJoni anasiya kubwera, kunabwera mavidiyo a m'tinyumba ta pamsika, kenako mafoni anuwa. Ine sindinasiye kuwakonda makauboyi, ndisakunamizeni. Mpaka lero ndikamva ng'ombe zikuthamanga ndi ngolo pamsewu wouma, mtima umadumpha ngati ndili m'shedi muja. N'chifukwa chake ndinkakufotokozerani. Koma kukonda chinthu sikutanthauza kuchikhulupirira.

Tsono tibwerere kukhwawa. Nditamva za pangano la Loweruka, ndinamupempha Limbani kuti anditengere kumeneko ndikaone ndi maso anga. Anakana, akuti msana wanga sungapirire mabampu. Msanawu unapirira malole a chimanga iye asanabadwe, ngakhale amayi ake asanabadwe. Ndiye ndinapita pa siteji ya njinga zakapalasa n'kupeza bambo wina wachikulire, wakabaza wodekha, amene ananditenga pang'onopang'ono, tikutsika pokwera, tikupuma pamithunzi. Tinafika dzuwa lili pamutu. Malowo ndinawaona. Njira imatsetsereka, n'kukhota, ndipo uli pamwamba sungaone pansi. Pamtengo wina wa m'mbali khungwa ladyeka mozungulira, pamene amamanga waya. Ndinaika chala changa pamenepo. Ndi msinkhu wa khosi la munthu wokhala pa njinga.

Ndinatsikira pansi pakhwawa n'kutulutsa foni kuti ndimuimbire Tadala. Palibe. Ndinasuntha, ndinaikweza m'mwamba, ndinakwera pachulu. Palibe. Ndinamupempha wakabaza uja kuti ayese yake, yamakono, yopalasa ndi chala. Anayesa, n'kupukusa mutu.

"Pano, agogo, netiweki siifika. Aliyense woyenda njira ino amadziwa. Mpaka mukafike pamlambe uko."

Mlambe wake uli kutali, pamwamba pa chitunda. Ine ndinafikako ndikupuma ngati galu, ndipo pamenepo m'pamene foni inagwira. Munthu wogwa pa njinga, wothamangitsidwa ndi zikwanje, sangafikeko.

Madzulo ake ndinamudikira Limbani pakhomo pa amayi ake. Ndinamufotokozera zonse mwadongosolo.

"Agogo, foni yanu ndi ya mabatani."

"Ya wakabaza uja si ya mabatani."

"Ndiye ndidzaimba ndisanatsike."

"Usanatsike udzakhala usanaone kanthu. Udzawauza chiyani? Ndipo akamva njinga zambiri zikubwera, achifwambawo adzakhala pansi kukudikirani?"

Anakanda m'mutu, pansi pa chipewa. Ndinaona kuti zamulowa. Koma anati, "Agogo, tikapanda kuchita kanthu atimaliza mmodzimmodzi. Njinga iyi ndi imene imadyetsa amayi ndi ana awa. Wina ayenera kuimirira. Mbavatu ndi anthu amantha."

Ndinamuyang'ana, ndipo sindinaone Limbani, ndinaona munthu wagona chagada pamphasa kuseri kwa sitolo. Ndisanayankhe foni yake inalira, pasinjala akumufuna, n'kupita.

Sindikunena kuti mwanayu ndi wopusa. Akunena zoona kuti akuvutika, akunena zoona kuti njinga ndi munda wake. Kulimba mtima kwake ndimakunyadira, ndipo n'kumene kukundisowetsa mtendere. Wamantha sadetsa nkhawa agogo ake. Kuyambira tsiku limenelo chakudya sichikutsika. Njinga yamoto iliyonse ikadutsa pamsewu ndimaimirira kusuzumira. Foni ikalira m'mawa, ndimayamba ndayang'ana kumwamba ndisanayankhe. Ndinaika m'manda agogo anu aakazi, ndinaika bambo ake a Limbani, mwana wanga woyamba. Mapepala a maliro m'bokosi muja akwana. Sindikufuna lina.

Anzako a pa siteji ndi ana abwino, Limbani, ndimawadziwa, ena ndinawaona akubatizidwa. Ndikukhulupirira kuti akufunadi kubwera. Koma iwo adzakhala pamsika, akumwa tiyi, maso pa foni imene siilira. Adzati zonse zili bwino. Palibe amene walemberatu kuti adzafika pa nthawi yake. Ndipo waya sayamba wafunsa ngati uli wolimba mtima.

Njira zina zilipo, ndipo ndinazilemba m'kalata ija. Pitani nonse kupolisi, gulu, mukanene malo ake ndi nthawi yake, muwaperekeze akaone mtengo uja. Yankhulani ndi anthu a m'midzi yoyandikana ndi khwawalo kuti mulambule tchire limodzi, pakhale poyera. Podutsa pamenepo muzidikirana pamwamba, muzitsika angapo, dzuwa litatuluka, ngakhale pasinjala akalipe. Ndipo likadzafika tsiku loipa, wakumana nawo uli wekha, tsika, pereka kiyi, maso pansi. Njinga ina tidzaifuna pamodzi, ndigulitsa ngakhale malata awa. Zimenezi sizokoma kuonera, palibe amene angalipe tikiti kuti azione. Koma munthu amabwera kunyumba ndi manja ake onse.

Tsono ndikupempha motere, ndipo ndikupempha pamaso pa nonsenu kuti mukhale mboni.

Kwa iwe Limbani, ndikupempha kuti undiuze ndi pakamwa pako, abale ako akumva, kuti Loweruka supita wekha kukhwawa kuja. "Tikambirana" sindilandiranso. Kwa tcheyamani wa pa siteji, amene Tadala amupititsire kope la zimene ndalembazi, ndikupempha kuti ayankhe kalata yanga molemba, anene ngati pangano limeneli lathetsedwa, ndipo ngati silinathetsedwe anene chifukwa chake nyambo ndi mwana wa eni ake osati iye mwini. Kwa enanu, musangokhala duu ngati nkhaniyi ndi ya m'mudzi wina. Ameneyu ndi mbale wanu. Muuzeni.

Mayankho onsewa andipeze pasanafike Lachisanu madzulo. Akapanda kundipeza, ndapangana kale ndi wakabaza wachikulire uja. Loweruka m'mamawa adzanditenga pamodzi ndi kampando kanga, ndipo Limbani akamadzatsetsereka adzandipeza nditakhala pansi pakhwawa, pafupi ndi mtengo uja. Ndikudziwa kuti pofika apa Tadala wasiya kuwerenga, ndipo nonse mwayamba kuyankhula nthawi imodzi, kuti agogo apenga, munthu wathu sangakakhale pamalo oterowo yekha, angaphedwe. Ngati mwatero, ndiye kuti mwamva tsopano chimene ine ndakhala ndikumva chiyambire Pasaka.

Ndikupempha mwaulemu kuti nkhaniyi iyankhidwe.

Ndine agogo anu,
Matiyasi